Manthongo osatha m'maso mwa mwana, tithandizeni a pagulu

Amake Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani ya mwana wanga wamwamuna, wa zaka 8, ali Sitandade 3 kuno ku Area 25. Chino ndi chaka chachitatu akuvutika ndi maso. Ukangolowa Ogasiti mpaka mvula yoyamba, m'mawa uliwonse amadzuka ndi manthongo oyera, onanda ngati therere, ukamawachotsa amatalika ngati ulusi. Ndikamupukuta, pasanathe ola abweranso. Kuyabwa ndiye musanene, amafikisa maso ndi chibakera mpaka inu omumvera kuchita nthumanzi. Koyera kwa diso kunasanduka kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Tetracycline ndamupaka machubu atatu, chloramphenicol mabotolo awiri, palibe chasintha. Lero aphunzitsi amubweza kusukulu ati apatsira anzake. Ndathedwa nzeru, amene munakumanapo nazo ndiuzeni.

Nachisale: Pepani amake Tadala. Si pink eye ija imeneyo, nthenda ya maso ofiira yopatsirana ija? Ija inayambira ku Karonga mu 2024 ija, kwathu inatigwira nyumba yonse mpaka wantchito.

Amake Tadala: Nanenso poyamba ndinkaganiza choncho asisi. Koma amagona mphasa imodzi ndi mng'ono wake, amasambira beseni limodzi, mng'ono wakeyo ali bwinobwino zaka zonsezi. Ija inkatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Iyi miyezi inayi osapuma.

Bambo a Mphatso: Mayi musavutike. Pali mankhwala ena odontheza, ndimagula pa famase ina m'tauni, sapempha chikalata. Pa botolo palembedwa dexamethasone ndi dzina lina lalitali. Mukamuthira madzulo, m'mawa diso layera ngati la khanda. Wanga ndakhala ndikumuthira kuyambira chaka chatha, akangoyamba kukanda ndimangothira basi.

Amake Tadala: Zoona bambo? Tandijambulireni botololo, mawa ndilawirire.

Gogo Nangozo: Ana inu mumathamangira za m'sitolo. Ife tinalera ana asanu ndi awiri ndi mkaka wa m'mawere. Pezani mayi woyamwitsa amukamire m'maso m'mawa asanadye kanthu. Akapanda kupezeka, masamba a tomato mufinyire. Zimawawa koma zimatsuka.

Sisi Thoko: Agogo, ndi ulemu wonse, za tomatozo ayi. Ine anandifinyirapo ndili mwana ku Ntcheu, ndinakhala masiku atatu osapenya. Mpaka lero diso lakumanzere lili ndi kachipsera.

Gogo Nangozo: Anakuchulutsira mwana wanga.

Admin: Tisanapitirire, amake Tadala musagule kanthu kaye. Pagulu pano tili ndi adokotala a maso, ndawatumizira uthenga, ati akangomaliza odwala alowa.

Wa ku Joni: Podikira adokotala ndinene zanga. Ine kumudzi ku Mangochi sindinkadziwa n'komwe kuti pali matenda otere. Nditafika kuno ku Johannesburg, chaka chachiwiri, Seputembala atangolowa maso anayamba kulira okha. Ndimagwira ntchito ya m'magadeni, kutchetcha kapinga tsiku lonse. Kuyetsemula kakhumi motsatizana, mphuno kudontha, maso manthongo amadzimadzi. Kukiliniki anandiuza kuti ndi aleji, thupi langa limadana ndi mungu wa udzu. Si kachilombo ayi. Anandipatsa timapiritsi ta cetirizine, kamodzi patsiku, ndi mankhwala odontheza. Panopa ndimavala magalasi otchinga m'mbali ndikamatchetcha, ndikaweruka ndimasamba kumaso ndi kusintha malaya ndisanakhale pabedi. Sizinathe koma ndikukhala nazo.

Nachisale: Achimwene, ndiye kuti kapinga wa azungu ndi amene ali ndi ukali?

Wa ku Joni: Hahaha asisi, mwina. Wa ku Mangochi mbuzi zimadya usanachite maluwa.

Adokotala a Maso: Moni nonse, pepani ndachedwa, mzere unali wautali lero. Ndawerenga zonse. Ndiyambe ndi zofulumira: bambo a Mphatso, chonde musatumize chithunzi cha botololo, ndipo nanunso ndili nanu mawu, ndibwera. Amake Tadala, tandiyankheni izi. Vuto lili maso onse awiri kapena limodzi? Chimene mwana amadandaula kwambiri ndi kuyabwa kapena kupweteka? Akatuluka padzuwa amatsinzina? Pabolodi amaona bwino? Alipo m'banja mwanu wa mphumu, chimfine chosatha kapena ziwengo za pakhungu?

Amake Tadala: Zikomo adokotala. Ndi onse awiri. Amati kuyabwa, kupweteka sanadandaulepo. Padzuwa amatsinzina pang'ono, makamaka m'mawa. Za pabolodi sindinamufunse, ndimufunsa akabwera kosewera. Bambo ake ali ndi mphumu kuyambira ali mnyamata, iyeyu amakhalanso ndi chimfine pafupipafupi.

Adokotala a Maso: Pafoni sindingapime diso, ndiye mupitebe naye kuchipatala. Koma zimene mwafotokozazi timaziona tsiku ndi tsiku nyengo ino, ndipo zikufanana kwambiri ndi aleji yamphamvu ya ana imene m'mabuku amaitcha vernal keratoconjunctivitis. Imakonda maiko otentha ndi ouma ngati kwathu kuno, imagwira anyamata kuposa atsikana, ndipo kawirikawiri imayamba mwana asanafike zaka 10.

Chimachitika n'chiyani? Pa koyera kwa diso ndi mkati mwa zikope pali kakhungu kopyapyala. M'kakhunguko muli timaselo tolondera. Mwa ana ena alonda amenewa ndi amantha mopitirira, akangoona fumbi, mungu, utsi kapena ubweya wa mphaka amaliza mfuu ngati kwabwera mbava, n'kutulutsa mankhwala otchedwa histamine. Histamine ndi amene amayabwitsa, kufiiritsa ndi kutupitsa, ndipo diso limayamba kupanga mamina ambiri pofuna kudziteteza. Manthongo onanda ngati therere aja ndi mamina amenewo, si mafinya. N'chifukwa chake tetracycline ndi chloramphenicol sanathandize. Amenewo ndi opha mabakiteriya, ndipo apa palibe bakiteriya woti aphedwe. Mwakhala mukutchera msampha wa mbewa pomwe chikudya chimanga ndi anankafumbwe.

Ndipo sapatsirana. Mwana ameneyu abwerere kusukulu mawa.

Amake Tadala: Ayi ndiye ndapuma. Nanga kufiirira kuja adokotala? Apongozi anga akuti mwina akusuta chamba ndi anyamata a pamsika. Mwana wa zaka 8!

Adokotala a Maso: Apongozi akhululukireni, si okhawo amaganiza choncho. Ndalandirapo ana amene anakwapulidwa kunyumba chifukwa cha maso amenewa. Ife akuda diso likakhala lotupa nthawi yaitali komanso likamafikisidwa, koyera kuja kumadera n'kukhala kofiirira. Mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa kakuda ka diso mutha kuona mzere wokhuthala wotuwa, nthawi zina ndi timadontho toyera ngati ta choko. Ena tikatembenuza chikope cha m'mwamba timapeza zotupa zondondozana ngati njere za chimanga pachitsononkho. Zonsezo ndi za aleji yomweyo.

Madam Naphiri: Ine ndine mphunzitsi, ndilankhuleko m'malo mwa mnzanga amene wabweza mwanayo. Kalasi ya ana oposa 100, ukaona mmodzi maso ali psuu umakumbuka za 2024 pomwe theka la kalasi linadwala sabata imodzi. Sitinaphunzitsidwe kusiyanitsa. Adokotala, pali njira yachidule yoti ifenso tizidziwira?

Adokotala a Maso: Funso labwino madam. Mufunseni mwana kuti zayamba liti. Akati dzana kapena dzulo, ndipo kunyumba kapena m'kalasi alipo ena, diso likutuluka misozi yambiri ndipo akumva ngati muli mchenga, imeneyo ndi yopatsirana ija, apite kuchipatala. Manthongo achikasu kapena obiriwira omata zikope mpaka kulephera kutsegula m'mawa, amenewo ndi mafinya, kawirikawiri bakiteriya, apitenso. Koma akati ndi zakale, zimabwera chaka chilichonse, zimayabwa kwambiri, iye yekha m'nyumba, ndiye aleji. Kuyabwa ndiye chizindikiro chachikulu. Diso losayabwa timakayika kuti ndi aleji.

Ndikupempheninso madam, ana oterewa musamawapatse ntchito yosesa kapena yofufuta bolodi. Apatseni yotunga madzi kapena yothirira maluwa. Ndipo asakhale kutsogolo penipeni pomwe fumbi la choko limagwera, pokhapokha ngati saona bwino.

Madam Naphiri: Yosesayo ndiye chilango chathu chachikulu kwa ochedwa. Ndikanena ku staff meeting Lolemba.

Bambo a Mphatso: Adokotala munati muli nane mawu. Koma kunena zoona mankhwala aja amagwira ntchito. Ndi maso angawa ndaona. Inu kuchipatala mumatipatsa timadzi tosathandiza, ife tikapeza ogwira ntchito mukuti tisagule.

Adokotala a Maso: Sindikutsutsa kuti amagwira bambo, amagwiradi, ndipo vuto lake lagona pomwepo. Dexamethasone, prednisolone, betamethasone, onsewa ndi a gulu la steroid. Nthawi zambiri amawasakaniza ndi neomycin kapena chloramphenicol m'botolo limodzi, ndiye munthu amaganiza kuti ndi mankhwala wamba a maso. Amazimitsa kutupa msanga kuposa mankhwala ena alionse. Ifenso timawapereka aleji ikakula, koma kwa masiku owerengeka, tikuchepetsa pang'onopang'ono, komanso tikuyeza diso.

M'diso muli madzi amene amapangidwa ndi kutuluka nthawi zonse. Mphamvu yake ikakhala bwino imakhala pakati pa 10 ndi 21. Mwa anthu ena, makamaka ana, steroid amatseka njira yotulukira madziwo, mphamvu n'kukwera, nthawi zina pa masabata ochepa chabe. Ikakwera imapha mtsempha wotumiza zithunzi ku ubongo. Imeneyo ndiye glaucoma. Choopsa chake, sichipweteka, diso limakhala loyera bwino, mwana akusewera, koma kuona kukutha kuyambira m'mbali. Chimene chatayika sichibwerera, palibe opaleshoni yobwezeretsa mtsempha umenewo. Chachiwiri, amayambitsa ng'ala mwa mwana wamng'ono, matenda amene timayembekezera mwa agogo. Chachitatu, ngati pagalasi la diso, kakhungu koonekera kophimba kakuda ka diso, pali kachilonda, steroid amakakulitsa mpaka diso kuboola.

Inu mwati kuyambira chaka chatha. Bambo, sabata ino isathe, pitani naye Mphatso akamuyeze mphamvu ya diso, ndipo mutenge botololo mukawaonetse. Ngati mwakhala mukumuthira tsiku lililonse, akakuuzani kumeneko kasiyidwe kake, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumabwezera kuyabwa mwaukali.

Bambo a Mphatso: Mwandiopsa adokotala.

Anambewe: Ndinali chete koma apa ndinene. Mwana wa achemwali anga zinali chomwechi. Mayi ake ankagula botolo mwezi uliwonse kwa zaka ziwiri, wogulitsa osafunsa kanthu, amvekere ndi abwino kwambiri awa. Tinadabwa mwana wayamba kugunda zitseko ndi kuphonya kapu patebulo. Pomwe tinafika naye kuchipatala cha maso anati diso limodzi latha, linalo analipulumutsa ndi opaleshoni. Ali Fomu 2 tsopano, amawerenga ndi diso limodzi. Achemwali anga mpaka lero akaona botolo la mankhwala a maso amatuluka m'nyumba. Bambo a Mphatso pitani, musadikire malipiro.

Bambo a Mphatso: Ndamva mayi. Ndipempha kuntchito Lachinayi.

Gogo Nangozo: Mwaona? Za m'sitolo zomwezo. Ndiye mkaka wa m'mawere uli ndi vuto lanji adokotala, poti mwana amamwa womwewo?

Adokotala a Maso: Agogo, nsima timadya koma sitiika m'maso. Mkaka uli ndi shuga ndi mafuta, ukakhala m'diso lomwe latupa kale tizilombo timapeza chakudya. Sungachotse aleji. Tomato, mandimu, fodya, madzi a shuga, phulusa, zonsezi zimawotcha galasi la diso, ndi chipsera chomwe asisi Thoko anena chija. Choipitsitsa ndi mkodzo. Ngati mwini mkodzoyo ali ndi chinzonono, diso limatha kuboola pa masiku awiri atatu. Koma pali chimodzi cha makolo chomwe ndimachiyamikira kwambiri, ndicho mtsuko. Madzi a mumtsuko amazizira bwino popanda magetsi, ndipo kuzizira ndi mankhwala enieni a kuyabwa.

Gogo Nangozo: Ndiye mtsuko wokha mwauvomera. Chabwino, ndiutenga umenewo.

Amake Tadala: Adokotala, tandiuzeni bwinobwino zoti ndizichita kunyumba, ndilembe. Firiji ndili nayo koma magetsi mukuwadziwa.

Adokotala a Maso: Chachikulu pa zonse ndi kufikisa. Mwana akafikisa, timaselo tija timaphulika n'kutulutsa histamine wina, ndiye amamva bwino mphindi imodzi, kenako kuyabwa kumabwera kowirikiza. Komanso galasi la diso la mwana ndi lofewa. Akalifikisa zaka ndi zaka limapyapyala n'kusongoka kutsogolo ngati nsonga ya dzira, matenda otchedwa keratoconus, ndipo magalasi wamba sakwanitsa kuwongola. Koma kungomukalipira kuti usakande sikuthandiza, nanunso udzudzu ukakulumani mumakanda. Mupatseni china chochita. Akamva kuyabwa atenge kansalu koyera, anyike m'madzi ozizira, afinye, atseke maso, aike pamwamba mphindi 5 kapena 10. Achite kangapo patsiku. Muwengeninso zikhadabo.

Manthongowo musamawakoke ndi chala kapena nsonga ya chitenje. Ndikudziwa amakopa, ukaona ulusi uja umafuna kuusolola wonse. Koma kukokako kumakanda kakhungu kaja, diso n'kupanga ena ochuluka. Wiritsani madzi, azizire, sambani m'manja, nyikani thonje kapena kansalu koyera, pukutani diso lili chitsekere kuchokera kumphuno kupita kukhutu, kamodzi, n'kusintha. Diso lililonse kansalu kake.

Akabwera kosewera asambe kumaso ndi m'manja, madzulo asambe ndi m'mutu momwe, chifukwa fumbi la m'tsitsi limatsikira papilo usiku. Pophika asakhale kukhitchini, utsi wa nkhuni ndi wa mbaula umamuputa. Posesa wazani madzi kaye, iye ali kutali. Chipewa chokhala ndi khonde chimathandiza padzuwa ndi pamphepo.

Nachisale: Ine ndimati ndi jakaranda. Akangochita maluwa m'tauni muno aliyense maso psuu.

Adokotala a Maso: Jakaranda amanamiziridwa chifukwa amaoneka, asisi. Maluwa okongola choncho amadalira njuchi, mungu wake ndi wolemera, suuluka patali. Wovuta ndi umene suoneka, wa udzu ndi wa mitengo yodalira mphepo. Kungoti jakaranda amachita maluwa nthawi yomwe kuli fumbi, kamvuluvulu, kutentha ndi utsi wa tchire lomwe anyamata akuotcha posaka mbewa. Ena amavutikanso Januwale ndi Febuluwale chimanga chikamasula ngayaye. Ndipo amene amavutika chaka chonse, yang'anani m'nyumba: matiresi akale, mapilo, makatani osachapidwa, mphemvu, mphaka wogona pabedi, nkhungu ya pakhoma nthawi yamvula. M'fumbi la m'matiresi mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Zofunda muzichapa sabata iliyonse, ndi madzi otentha ngati mungathe, matiresi ndi mapilo muziyanika padzuwa.

Amake Tadala: Mphaka tili naye, ndipo amagona kumiyendo kwa Tadala yemweyo.

Wa ku Joni: Basi mlandu watha, wapezeka mfiti.

Amake Tadala: Achimwene musandiseketse, mphakayo ndi amene anatithetsera makoswe. Kumuthamangitsa ayi.

Adokotala a Maso: Musamuthamangitse, mungomuletsa kuchipinda chogona. Yesani mwezi umodzi muone. Mwina si iye, chifukwa mwati vuto limakula Ogasiti, pomwe mphaka alipo chaka chonse.

Sisi Thoko: Nanga mankhwala oyenera ndi ati adokotala? Ndikufunsirako ndi ine ndemwe, anga amayabwa ndikaika nsidze zoikirira zija.

Adokotala a Maso: Anuwo asisi mankhwala ake ndi aulere, siyani nsidzezo, ndi guluu uja akukuputani.

Kwa mwana, amene timayambira ndi sodium cromoglycate, dontho limodzi kanayi patsiku. Amenewa ndi timadzi tosathandiza tomwe bambo a Mphatso amanena. Ntchito yake si kuzimitsa moto koma kukhazika mtima pansi alonda aja kuti asamaliza mfuu. Amatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti muone kusintha, ndipo amafuna tsiku lililonse nyengo yonse, ngakhale tsiku lomwe mwana ali bwino. Makolo ambiri amathira masiku atatu, n'kutaya, amvekere ndi madzi. Inu amene mukudziwa kuti vuto limayamba Ogasiti, chaka chamawa mudzayambe kuthira chapakati pa Julayi, lisanafike. Palinso olopatadine ndi ketotifen, amenewa amathiridwa kawiri patsiku ndipo amachepetsa kuyabwa msanga, kungoti mtengo wake ndi wokwererapo ndipo sapezeka paliponse. Misozi yochita kupanga, yogulitsidwa m'mabotolo, imathandiza kutsuka fumbi ndi kusungunula manthongo. Mukaisunga pozizira imatonthoza kwambiri.

Mapiritsi a cetirizine amathandiza ngati pali chimfine ndi kuyetsemula, koma pa maso okha mphamvu yake ndi yochepa. Piriton amagonetsa, mwana akamwa m'mawa akasinza m'kalasi mwa madam Naphiri. Mlingo wa mwana akuuzeni akuchipatala. Mupewenso aja olembedwa kuti amayeretsa maso. Amangofinya timitsempha, akatha mphamvu diso limafiira kuposa kale.

Amake Tadala: Kuthira kwake ndiye nkhondo. Timagwira anthu awiri ngati tikupha mbuzi, theka la botolo limathera pamasaya.

Madam Naphiri: Hahaha ndendende wanga.

Adokotala a Maso: Musamutong'ole. Mugoneke chagada, atseke maso. Donthezani dontho limodzi pakona ya kumphuno, pali kadzenje pamenepo, kenako mumuuze aphethire. Mankhwala amalowa okha. Akatero atsekenso, inu dinikizani pang'ono pakonapo ndi chala mphindi imodzi kuti asatsikire kukhosi, ndi kumene kumachokera kuwawa kwa m'kamwa kumene ana amadandaula. Dontho limodzi ndi lokwana, diso silisunga awiri. Ngati mankhwala ndi amitundu iwiri, siyanitsani ndi mphindi 5, opaka akhale omaliza. Kamwa la botolo lisakhudze diso kapena chala. Tsiku lotsegula lembani pabotolo, pakatha masiku 28 tayani ngakhale atsalemo. Ndipo botolo la Tadala ndi la Tadala, osati la mudzi wonse.

Anambewe: Lomalizalo likundikhudza. Langa lazungulira nyumba zinayi za pa laini.

Achimwene a ku Nsanje: Pepani ndalowa mochedwa. Kwathu kuchigwa kuno kale ana a manthongo chonchi tinkati ndi trakoma, ntchentche zili ng'waa kumaso. Sangakhale amenewo?

Adokotala a Maso: Mwakumbutsa za nzeru. Trakoma, nthenda ya maso yopatsirana imene ntchentche zimafalitsa, inalidi vuto ku Nsanje, Chikwawa, Mchinji, Kasungu ndi maboma ena, ndipo mkati mwa chikope imatha kufanana ndi aleji kwa munthu wosazolowera. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti Malawi yathana ndi trakoma ngati vuto la dziko. Sikuti palibiretu ndi mmodzi yemwe, koma mwana wa ku Area 25 woyabwa maso nyengo yomweyomweyo chaka chilichonse, bambo ake a mphumu, trakoma ili kutali. Akatembenuza chikope kuchipatala adziwa.

Amake Tadala: Tadala wabwera, ndamufunsa. Akuti pabolodi amaona koma akakhala kumbuyo zilembo zimakhala ngati ziwiriziwiri, makamaka diso lakumanja. Ndiyambire kuti? Ku health centre ndi komwe amandipatsa tetracycline ulendo uliwonse.

Adokotala a Maso: Zimenezo zikundipangitsa kuti ndinene kuti musachedwe. Mwina ndi manthongo chabe akuphimba, mwina akufunika magalasi, koma tiyenera kutsimikiza kuti galasi la diso silinayambe kusintha. Pitani ku health centre ndi buku lake la kuchipatala, afotokozereni kuti ndi chaka chachitatu, mankhwala mwayesa awa ndi awa, ndipo wayamba kusaona bwino, mupemphe kalata yopita kwa a maso. Kwa inu a ku Lilongwe ndi ku Lions Sight First Eye Hospital pa Kamuzu Central, kapena ku Nkhoma. A ku Blantyre kuli Lions ina pa Queens, ndipo ku Zomba Central ndi ku Mzuzu Central kulinso mbali ya maso. Zipatala zambiri za maboma zili ndi clinical officer wa maso ngati ine, funsani tsiku lake. Anzanga a ku health centre musawaweruze kwambiri, amapereka chomwe chili pashelefu.

Kwa nonse, izi musadikire nazo mawa: diso likupweteka osati kungoyabwa, mwana akulephereratu kutsegula maso pakuwala, pakakuda ka diso paoneka banga loyera, kuona kwatsika mwadzidzidzi, mafinya akuchita kuyenderera, kapena chikope chatupa n'kutentha mwana ali ndi thupi lotentha. Aleji yamphamvuyi imatha kubweretsa chilonda pagalasi la diso. Ndipo khanda losakwana mwezi likatuluka mafinya m'maso, imeneyo si aleji, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale usiku.

Amake Tadala: Funso lomaliza adokotala, kenako mukapume. Adzachira?

Adokotala a Maso: Mankhwala ochotseratu palibe mayi, aliyense wokulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu. Koma ana ambiri akatha msinkhu imazilala yokha, ena kutheratu. Ntchito yanu ndi yanga ndi kumufikitsa kumeneko maso ali athunthu. Zikhala zaka zingapo za kansalu kozizira ndi madontho, pena bwino pena kubwerera.

Gogo Nangozo: Ndiye kuti wanga wachitatu uja anangochira yekha atakula? Ine zaka zonsezi ndimati ndi mkaka.

Admin: Agogo avomera, lembani tsikuli.

Gogo Nangozo: Sindinavomere, ndafunsa.

*Patapita masabata atatu*

Amake Tadala: Moni a pagulu, ndabwera ndi lipoti. Tinapita, tinafika 6 koloko m'mawa, tinaonedwa cha m'ma 11. Anatembenuza zikope, anandionetsa ndi maso anga njere za chimanga zija, ndinachita mantha. Anathira mankhwala achikasu n'kuunika ndi kuwala kwa buluu, anati chilonda palibe. Anamupatsa a steroid a masiku ochepa, ndi ndondomeko yochepetsera yolembedwa m'buku, pamodzi ndi sodium cromoglycate woti tipitirize mpaka mvula. Botolo la steroid litatha masiku ake ndinakalitaya m'chimbudzi kuti lisandiyese. Manthongo sanathe koma tsopano ndi m'mawa wokha, pang'ono. Kufikisa kwachepa, kansalu amakanyika yekha. Za kuona ati diso lakumanja tidzabwerenso pakatha miyezi itatu adzayezenso, sanakhutire nalo kwenikweni. Kufiirira kukadalipo, apongozi akuti tiona.

Madam Naphiri: Kwathu ana anayi tawachotsa pa ndandanda wosesa. Tsopano kalasi yonse ikuti maso akuyabwa.

Anambewe: Bambo a Mphatso, munapita?

Bambo a Mphatso: Ndinapita mayi. Anapeza 29 kumanzere, 26 kumanja. Anandifunsa kuti anakupatsani ndani mankhwalawa, ndinasowa poyang'ana. Ati mtsempha ukuoneka kuti sunaonongeke kwambiri, amusiyitsa pang'onopang'ono, amupatsa ena otsitsa mphamvuyo. Tibwereranso Lachiwiri likubwerali kukayeza. Maso ayambanso kufiira ndipo akundida, akuti ndimubwezere aja akale.

Adokotala a Maso: Adzakudani sabata ziwiri zokha bambo, limbikani. Lachiwiri mutiuze manambala. Amake Tadala, tsiku la miyezi itatu lija mulembe pakalendala, mvula ikagwa maso akayera mudzaiwala. Mphaka ali kuti?

Amake Tadala: Masana ali pakhonde. Usiku ndimatseka chitseko, koma dzulo ndinamupeza kumiyendo komweko. Tadala akuti analowera pazenera, koma zenera lake lili ndi waya.